Mmene Matchalitchi Anasamukira Pakona ku Ndamvakale

Mlendo aliyense wofika mumzinda wa Khutulagona, likulu la ufumu wa Ndamvakale, sachedwa kuona chinthu chodabwitsa: pakona paliponse pamene misewu iwiri yakumana pali tchalitchi. M'mbali mwa msewu mupeza magolosale, malo ometera ndi mabenchi a makala, koma mukangoti mukhote, mwakumana ndi mtanda. Anthu ophunzira a kumeneko analemba mabuku onenepa pofotokoza nkhaniyi. Ena amati nyumba ya pakona imaonekera patali, ena amati imakoka anthu a misewu iwiri nthawi imodzi. Zonsezi ndi nzeru zabwino, koma si mmene zinayendera. Nkhani yeniyeni amaidziwa ndi amayi a mumsika wa Pirirani, ndipo ili motere.

Pa nthawi imeneyo pampando panali Mfumu Liwiro Yachitatu. Inali mfumu yansangala, yokonda anthu ake, makamaka ikamawaona akudutsa pazenera la galimoto ngati mitengo. Galimotoyo inali yaitali mwakuti dalaivala akafika pachipata, mfumu imakhala ikadali pakhonde. Lachitatu ndi Lamulungu lililonse mfumu inkapita kuseri kwa mzinda kukaika mwala wa maziko a chipatala chatsopano. Mwalawo unali umodzi womwewo. Mwambo ukatha ankaupukuta bwinobwino n'kuubwezera m'galimoto kuti udzagwirenso ntchito ulendo wina.

Pamsewu wowongoka mdipiti wa mfumu unkathamanga kwambiri moti nkhuku zinkazindikira mawa lake kuti zinagundidwa. Koma galimoto yaitali sikhota mothamanga. Kuchokera kunyumba yachifumu kukafika poikira mwala panali makona asanu, ndipo pakona paliponse dalaivala ankapotoza chiwongolero pang'onopang'ono, kwa kanthawi kongokwanira munthu kumeza malovu katatu. Anthu a ku Ndamvakale si opusa. Anazindikira kuti boma lawo limamva pakona pokha. Choncho aliyense wokhala ndi dandaulo ankalawirira, kusamba, n'kukaima pakona atakonzeratu pakhosi.

"Mwinidziko, mlatho wa ku Tidzamanga wagwa!"

"Mwinidziko, aphunzitsi athawa njala!"

"Mwinidziko, mankhwa..." ankatero wochedwa kuyamba, galimoto itakhota kale.

Chifukwa onse ankakuwira pamodzi, mfumu inkangomva chiphokoso, ndipo inkakweza dzanja poganiza kuti akuilonjera.

M'dera la kwa Ludzu munali bambo wina wokhoma mbaula ndi zidebe, dzina lake Lufeyo Kamthunzi. Anali munthu wofatsa, moti hamala yake ndiyo inkamuyankhulira. Mkazi wake, Nangozo, wogulitsa matimati mumsika wa Pirirani, anali ndi mawu okwanira anthu awiri.

"Bambo a Feliya," anatero Nangozo m'mawa wina, "mipopi yauma mwezi wachinayi uno. Amuna anzanu akukuwa pakona, inu mwangoti phee ngati mphaka wa kwa eni. Zidebe mukukhomazi anthu azitungira chiyani, mphepo?"

"Ine mawu anga ndi aang'ono, mayi a Feliya."

"Akakulira komweko. Valani nsapato."

Lufeyo anavala nsapato. Anakaima pakona pachitatu, ndipo galimoto ikukhota anatseka maso n'kukuwa kamodzi kokha pa moyo wake wonse: "Madzi!" Tsoka sasimba. Pa kamphindi komweko anthu ena onse anali atangoima kuti apume, choncho mawu a Lufeyo anauluka okhaokha, kudutsa pa kampata ka galasi, n'kukalowa m'khutu la mfumu. Mfumu inadzidzimuka, tiyi n'kutayikira pamkanjo. Dzuwa lisanafike pamutu Lufeyo anali m'ndende ya Kapumeni.

Tsiku lomwelo bwalo la nduna linakumana mwadzidzidzi. Woyamba kuimirira anali Olemekezeka a Chikutumbwe, Nduna Yoona za Makutu a Mfumu, amene ntchito yawo inali kusefa nkhani monga amayi amasefera ufa, kuti kwa mfumu kuzifika zosalala zokhazokha.

"Mwinidziko," anayamba motero atagwira pamtima, "lero dziko lavulala. Khutu lanu lamanzere, limene makolo athu analimenyera nkhondo, lalasidwa ndi mawu a munthu wamba, osaphika, osasefa. Lero akuti madzi. Mawa adzati magetsi. Mkuja adzafuna kuti muwayankhe!"

Nduna zonse zinagwira pakamwa.

Nduna ya Misewu inati makona onse athetsedwe, misewu iwongoledwe. Anthu anaomba m'manja mpaka wina atatambasula mapu n'kuona kuti msewu wowongoka udzadutsa m'chipinda chogona cha apongozi a mfumu. Mfumu inaganizira kanthawi ndithu isanakane. Nduna ya Zaumoyo inati m'makutu a mfumu muziikidwa thonje, popeza thonje ndicho chinthu chokhacho chinatsala m'zipatala.

"Nanga akamanditamanda ndizimva bwanji?" inafunsa mfumu.

Funsoli linali lanzeru kwambiri moti mlembi analilemba kawiri. Apa a Chikutumbwe anamwetulira.

"Mwinidziko, phokoso silithamangitsidwa ndi ndodo, limaphimbidwa ndi phokoso linzake. Ndani m'dziko muno amene amakuwa kuposa odandaula, osatopa, osafuna malipiro, ndiponso osadikira yankho lero lomwe? Ndi mipingo. Tiiike pakona, odandaula asowe poima."

M'mawa mwake mkulu wa zolengeza anakwera pa lole pakati pa msika wa Pirirani n'kuwerenga Lamulo la Bata la M'makutu. Choyamba, munthu wamba saloledwa kuyankhula ndi mfumu, kaya mokuwa, kaya monong'ona, kaya mwa kutsokomola kokhala ndi tanthauzo. Chachiwiri, matchalitchi onse asamukire pakona pasanathe milungu iwiri. Chachitatu, mdipiti ukamadutsa mipingo iziimba kapena kupemphera mokweza, ndipo boma ligawa zimkuzamawu zaulere.

"Nanga kuyetsemula?" anafunsa mkulu wina wogulitsa anyezi.

"Kuyetsemula ndi kololedwa, bola muyang'ane kumbali."

Esinala, mayi wogulitsa usipa amene benchi lake linali loyandikana ndi la Nangozo, anapukusa mutu. "Abale inu, boma lathuli likafuna chinthu limadziwa kufulumira. Mipopi miyezi inayi, zimkuzamawu tsiku limodzi."

Kwa milungu iwiri mzinda wonse unali pa msamuko. Akhristu anasenza malata, mabenchi, maguwa ndi ng'oma. Belu la mpingo wina wakale linakwera ngolo ya abulu likulira njira yonse ngati mwana wopita kukabayitsa jakisoni. Koma panabuka vuto: makona analipo mazana atatu, mipingo makumi asanu ndi anayi okha. A Chikutumbwe sanagone nalo vutoli. Analengeza kuti aliyense wokangana ndi abusa ake apatsidwa kona ndi chimkuzamawu chake. Pasanathe masiku atatu Mpingo wa Kuwala unabala Kuwala Kwenikweni. Kuwala Kwenikweni unabala Kuwala Kwenikweni Koyambirira. Mkulu wina wa mpingo amene anangodzudzulidwa chifukwa chowodzera pa ulaliki anadzuka ali bishopu wa Kuwala Kosawodzera. Makona anadzaza, ndipo abusa ena anayamba kupempha boma kuti likhotetseko misewu ina.

Nzeru ya a Chikutumbwe inagwira ntchito. Odandaula akafika pakona ankapeza pali kwaya, ndipo amene ankayesa kukuwa mawu awo ankamezedwa ndi ng'oma. Mfumu inakondwera kwambiri ndi nyimbozo moti, kwa nthawi yoyamba chilowereni ufumu, inayamba kutsitsa galasi lonse pakona paliponse, ikugwedeza mutu ndi kumenya chala pachitseko. A Chikutumbwe analandira mendulo.

Nthawi yonseyi Lufeyo anali m'ndende. Nangozo anapondaponda m'maofesi onse. Ku ofesi yoyamba anamuuza kuti abwere mawa, yachiwiri anati bwana ali ku msonkhano, yachitatu anati msonkhanowo ndi wokambirana za anthu obwera mawa. Lachinayi lina anapita kukaona mwamuna wake atanyamula mbatata.

"Mwawonda, bambo a Feliya," anatero misozi ili m'maso.

"Musadandaule, mayi. Kuno madzi aliko."

Msilikali wa pachipata, munthu wachifundo, anamukokera Nangozo pambali. "Mayi, ndikuuzeni zoona. Lolemba likubwerali amuna anuwa apita kukaswa miyala ku Sabwerako, zaka zisanu ndi ziwiri. Amene angaletse ndi mfumu yokha, ndi pakamwa pake."

"Nanga mfumuyo ndiyankhula nayo bwanji, poti n'zoletsedwa?"

"Pamenepo ndiye pali nzeru ya lamulo, mayi."

Lachisanu Nangozo anakhala pabenchi lake osaitanira malonda. Matimati ankangomuyang'ana. Mfumu inali itatsala kudutsa kamodzi kokha, Lamulungu, Lolemba lisanafike.

"Amwali, mukhala chete mpaka liti?" anatero Esinala. "Kukhala chete kwa inu kukutiopsa tonse msika uno."

"Ndinamutuma ndine, Esinala. Munthu anali phee akukhoma mbaula zake."

"Ndiye tizipemphera basi. Kwathu ku Kuwala Kwenikweni Lamulungu chimkuzamawu ndimagwira ndine. Abusa mawu anawathera sabata yoyamba yomwe."

Nangozo anatembenuka pang'onopang'ono. "Mukapemphera mfumu imamva?"

"Imamva kachidutswa. Ukangoti 'Atate wathu' galimoto yakhota, 'Ameni' amamva ndi apolisi a kumbuyo."

"Nanga pemphero litadulidwa zidutswa zisanu, kona iliyonse chidutswa chake?"

Esinala anaika pansi mbale ya usipa. "Abusa a makona asanu amenewo sapatsana ndi moni womwe."

"Ndani wanena za abusa?" anatero Nangozo. "Pakona poyamba muli inu. Pakona pachiwiri wotsogolera mapemphero si Nankhoma wa mpiru uyo? Pachitatu ndimapemphera ine. Pachinayi Nasoko wa nyemba. Pachisanu mayi a mandasi aja." Ndipo zinali zoona. Amayi amene Lamulungu ankavala mayunifolomu osiyana n'kumaimbirana nyimbo zolasana, Lolemba ankabwerekana mpeni ndi kusungirana mabenchi wina akapita kumaliro.

"Chabwino, imva," anatero Esinala. "Ikamva ndiye itani? Mfumu imeneyi yamva zingati?"

"Esinala, mwakhala pabanja zaka zingati? Mwamuna ukamupempha kuti akonze denga, amati mawa. Koma tangonena pamaso pake kuti pakhomo pano palibe angakonze denga, ukaitana bambo a kutsidya. Usanamalize kumanga chitenje umupeza ali pamwamba ndi misomali kukamwa. Mfumu nayo ndi mwamuna wa munthu."

Loweruka lonse amayi asanuwo anayeserera kuseri kwa matumba a makala. Aliyense ankanena chidutswa chake, Esinala akumeza malovu katatu poyeza nthawi. Chidutswa chikatalika ankachidula. Pofika madzulo pemphero linali litakwana ndendende, koma Esinala kukhosi kunali gwa.

Lamulungu m'mawa, galimoto za apolisi zitayamba kale kulira kunyumba yachifumu, Nankhoma anafika pakona pachitatu ali wefuwefu.

"Nangozo, zavuta! Mpingo wa pakona pachinayi wagawikana m'mawa uno. Akangana zoti chitseko chiziyang'ana msewu uti. Nasoko wapita ndi gulu linalo, asenza kale mabenchi!"

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nankhoma atathamanga kubwerera pakona pake, Nangozo anapatsira chidutswa chake mayi wina wa kwaya, anakwinya chitenje n'kuthamanga kudutsa m'mipanda ya eni. Anafika pakona pachinayi n'kupeza m'busa watsopano, amene dzulo lake anali woimba ng'oma, atakumbatira chimkuzamawu ngati khanda. Nangozo anagwada pamaso pake atavala yunifolomu ya mpingo wina.

"Abusa, ndachokera kwa aja a pakona pachitatu. Ndili ndi umboni."

Palibe m'busa amene angakane nkhosa yothawa kwa mnzake pa tsiku lake loyamba. Anamupatsa.

M'galimoto yaitali mfumu inali itakhala kumbuyo ndi a Chikutumbwe, mwala wa maziko uli pakati pawo. Pakona poyamba inatsitsa galasi n'kukonzeka kumenya chala. M'malo mwa nyimbo panamveka mawu a Esinala.

"Ambuye wakumwamba, lero tikutula kwa Inu Lufeyo Kamthunzi, wokhoma mbaula wa kwa Ludzu!"

"Ndani ameneyo?" inafunsa mfumu galimoto itawongoka.

"Ndi mmodzi mwa aneneri ang'onoang'ono, Mwinidziko," anayankha a Chikutumbwe akupukuta thukuta.

Pakona pachiwiri: "Ali m'ndende ya Kapumeni, Ambuye, ndipo mawa apita naye ku Sabwerako!"

"Kodi aneneri amamangidwanso kwathu kuno?"

"Tikweze galasi, Mwinidziko, kunja kuli fumbi."

"Lisiyeni."

Pakona pachitatu: "Tafufuza dziko lonse, Ambuye, munthu wa mphamvu zomutulutsa sitinamupeze!"

Chala cha mfumu chinaima m'malere.

Pakona pachinayi Nangozo anaona mphuno ya galimoto ikutulukira, ndipo chidutswa cha Nasoko, chimene anachimva dzulo lonse, chinamuthawa m'mutu. Dalaivala anadutsa. Malovu oyamba anamezedwa. Pamene zenera la mfumu linkafika, Nangozo anangotsegula pakamwa n'kutulutsa za mumtima mwake.

"Ambuye, ndinamutuma ndine! Pansi pano amuna anatha, kwatsala ongokwera galimoto zazitali! Palibe angathe, ngakhale mmodzi!"

"Aleluya!" anakuwa m'busa watsopano, amene sanamvetse koma anakondwera ndi mphamvu yake.

Pakona pachisanu mayi a mandasi anamaliza modekha: "Choncho tadalira Inu nokha, poti wina kulibe. Ameni!"

"Imitsa galimoto," inatero mfumu.

Dalaivala anali asanalandirepo lamulo lotere pakati pa msewu, moti anayamba wafufuza pamene pali buleki. Galimoto za kumbuyo zinapsompsonana.

"Tiwamange onse, Mwinidziko," anatero a Chikutumbwe. "Kuyambira wa usipa."

"Pa mlandu wanji? Ayankhula ndi ine?"

"Ayi, Mwinidziko. Malinga ndi lamulo, amayankhula ndi Wina."

"Ndiye vuto lake ndi limenelo! Ndende ndi yanga, makiyi ndi anga, munthuyo ndi wanga, koma akukapempha kwina ine ndili pompano ndi galasi lotsitsa? Akuti wina kulibe! Ine ndine chiyani, chitsa?" Kenaka inafunsa motsitsa mawu: "Kodi Kumwambako amayankha pakatha nthawi yaitali bwanji?"

"Zimatengera, Mwinidziko. Nthawi zina zaka makumi anayi. Nthawi zina pompopompo."

"Pompopompo? Tembenuza galimoto! Ku Kapumeni, msanga, angatitsogolere!"

Kutembenuza galimoto imeneyo kunatenga ola lathunthu ndi mpanda wa munthu mmodzi. Pa chifukwa chimenechi mipingo isanu yonse, imene inamva nkhaniyi kwa apolisi, inakafika kundende wapansi mfumu isanafike. Anaima pachipata aliyense ndi yunifolomu yake, abusa akuyang'anana cham'mbali.

Mfumu inatsika, inalanda makiyi kwa msilikali n'kutsegula chipata ndi dzanja lake, itayamba yayang'ana kuthambo kuti ione ngati yachedwa. Lufeyo anatuluka akuphethira, nsapato zili m'manja. Nangozo anafuna kumuthamangira koma Esinala anamugwira chitenje.

"Iwe Lufeyo," inatero mfumu mokweza kuti khamu lonse limve, "ndakukhululukira. Ku Sabwerako supita. Tsono uza anthuwa, ndipo undiuze ine pamaso panga: wakutulutsa ndani?"

Lufeyo anatsegula pakamwa. Kenaka anaona apolisi awiri kumbuyo kwa mfumu akusisita maunyolo, poti Lamulo la Bata la M'makutu linali likadali moyo, ndipo wapolisi wa ku Ndamvakale samanga munthu mwa chidani, amangotsata zolembedwa. Lufeyo anatseka pakamwa. Anayang'ana mfumu, anayang'ana chipata chimene anali atangotulukamo, n'kuyang'ana mkazi wake. Nangozo analoza kumwamba ndi chibwano.

Lufeyo anaika nsapato pansi, anagwada, anakweza maso kuthambo n'kunena ndi mawu ake aang'ono aja:

"Ambuye, mukapeza mpata, mundithokozereko a mfumu."

"Ameni!" inayankha mipingo isanu nthawi imodzi, chinthu chimene chinali chisanachitikepo ndipo abusa anachita nacho manyazi.

Nthungululu zinalira, ng'oma zinayamba. Nangozo anamugwira mwamuna wake padzanja ngati akuopa kuti wina asintha maganizo.

"Tiyeni kunyumba, bambo a Feliya. Ndipo kuyambira lero musamangokuwa paliponse."

"Ndamva, mayi," anatero Lufeyo.

Mfumu inatsala pachipata makiyi ali m'manja, nkhope ili yosokonezeka. Inatembenukira kwa nduna yake.

"A Chikutumbwe, ndiye zikomo ameneyu andipeza liti?"

"Wadzera njira yaitali, Mwinidziko. Tizingotchera khutu."

Lamulo lija silinafafanizidwe mpaka lero, chifukwa a Chikutumbwe amati kulichotsa n'kuvomera kuti mendulo inalakwika. Matchalitchi nawo sanachokenso pakona, ndipo kuseri kwa matumba a makala mumsika wa Pirirani Loweruka lililonse kumakhala amayi asanu, wina akumeza malovu. Mfumu Liwiro imatsitsabe galasi pakona paliponse, khutu lili tcheru, kudikira zikomo wake. Sanafikebe. Koma podikirapo, mfumu imamva zambiri.